Amayi Osapereka Moni

Lolemba, 4 Novembala

Andigoneka. Ine Rabecca, amene ndimakalipira anthu kuti asamachedwe kubwera kuchipatala, ndafika chala chachikulu cha phazi lamanzere chitayamba kale kununkha. Munga unandibaya ndikuchokera kukaona odwala kumidzi, ndinangomangapo kansanza n'kumati chipola chokha. Ndi shuga wangayu! A dokotala atamasula kansanzako anangopukusa mutu: "Sisita, inunso?"

Shuga 392. Thupi latentha, 38.6. Kanula padzanja lamanja, mankhwala a pamtsempha m'mawa uliwonse, insulini m'mawa ndi madzulo. Bedi langa lili pawindo, ndikuona phiri la Malosa lili mbuu ndi utsi wa moto wa alenje.

Kope ili wandigulira Dyna, mwana wanga, ati ndizilembamo shuga. Ndilembamonso zina, sakandiuza zochita.

Lachiwiri, 5 Novembala

Apala chilonda. Sindinena zambiri. Ndinaitana malemu mayi anga mokuwa, ine gogo wa adzukulu awiri. Shuga 310.

Bedi la kumanja kwanga kuli mayi wachikulire wa ku Naisi. M'kope muno ndiziwatchula abiti Sharif, si dzina lawo lenileni, ndipo a pabanja pawo onse ndiwabwereka mayina. Ndi chizolowezi cha ntchito. Mtima ukuwavuta, miyendo yatupa, koma pakamwa pali bwinobwino.

"Ndakudziwani," atero ndisanakhazikike n'komwe. "Si inu nesi wa amisala wa kumtunda kwa mishoni? Amene simupereka moni uja?"

"Ndine amene."

"Ee, anthu amanena. Ati mumadutsa pamsika pa Songani ngati msilikali wa pa perete."

Wodi yonse inaseka. Ndinaseka nawo, nanga n'kutani.

Amene akuwadikirira ndi mwana wawo wotsiriza, Karima. Amagona pansi pamphasa pakati pa mabedi athu. Ndi wofatsa mopitirira muyeso. Mbale imodzi amaitsuka mpaka kuiwala kuti akutsuka.

Lachitatu, 6 Novembala

Shuga 268. Bandeji asintha, mafinya achepa.

Nthawi yozonda odwala ikakwana, bedi la abiti Sharif limasanduka msika. Mpunga wa nyama ya mbuzi, thobwa m'zigubu, mango m'beseni, zitumbuwa zotentha. Ndi anthu opatsa, chilichonse amayamba andilonjera ine. Ine ndikukana chimodzichimodzi: mpunga ayi, thobwa ayi, mango ayi. Ndamva mlamu wawo wina akunong'ona kuti, "Mwaona? Ndi zoona, ngonyada." Mayi inu, ndi shuga! Fungo la mango amenewo latsala pang'ono kundiliza. Ine ndadya kachigumu kopanda shuga ndi masamba a nyemba.

Kwanga sikunabwere munthu. Dyna wabwerera ku Blantyre kuntchito, abwera Loweruka.

Lachinayi, 7 Novembala

Shuga 240. Kutentha thupi kwatsika.

Lero ndi tsiku langa la uphungu. Panopa pabenchi ya kuseri kwa kachipinda kanga pakhala anthu, aliyense akuyang'ana kwina ngati akudikira minibasi. A Kingsley, mnzanga wa pantchito, awaona okha onsewo, kuphatikiza a mankhwala a khunyu. Ndakasowa kachipinda kaja. Kali ndi mipando iwiri, tebulo logwedera ndi katani yomwe ndinasoka ndekha, koma ndakasowa ngati kwathu.

Za moni zija ndilembe pano, poti pakamwa sindingaziyankhe. Munthu amene anakhalapo pampando uja n'kulira pamaso panga, ndikakumana naye pagulu sindimupatsa moni pokhapokha ayambe yekha. Ndikangoti "Mwaswera bwanji, a uje," mlamu wake ali pambali afunsa: "Akukudziwa bwanji nesi wa amisala?" Mawa lake mudzi wonse wamva, chinkhoswe cha mwana wake chaima. Ndiye odutsa m'manja mwanga achuluka m'chigwa chino, ndipo kupatsa moni ena n'kudumpha ena n'kuulula komweko. Ndinangozolowera kudikira kuti aliyense ayambe. Ambiri sayamba. Kwathu kuno munthu wosapereka moni ndi mfiti kapena wodzimva. Bola anandisankhira wodzimva.

Lachisanu, 8 Novembala

Shuga 215. Ati fupa silinakhudzidwe, chala mwina chipulumuka. Ndati zikomo Ambuye.

Abiti Sharif anandifunsa masana, alendo awo atapita: "Koma inu, ntchito zonse za unesi zilipozi, osasankha uzamba bwanji? Azamba amalandira nkhuku. Ana amawatchula mayina awo. Inu munaona chiyani kwa amisala?"

Ndinawauza. Tili pasukulu ya unesi anatitumiza kukaphunzira kuwodi ya odwala maganizo. Tonse tinkawerenga masiku kuti tichokeko liti. Kunali bambo wina, kale anali mphunzitsi, amene nthawi yozonda ikayandikira ankasamba, kuvala jekete, kupesa tsitsi, n'kukakhala moyang'ana kuchipata. Belu linkalira, chipata n'kutsegulidwa, osalowa munthu. Si kwa iwo okha, wodi yonse. Wothyoka mwendo amamutengera mpunga, wodwala mutu wa maganizo amamusiya kwa boma. Belu lotsekera likalira bambo aja ankavula jekete, kulipinda bwinobwino, mawa chimodzimodzi. Tsiku lina ndinangopita kukakhala pambali pawo n'kunena kuti, "Ndabwera kudzakuzondani, aphunzitsi." Anandiyang'ana, n'kundifunsa za mvula kwathu, ngati mlendo weniweni. Tinacheza mpaka belu. Sindinabwererenso ku uzamba.

Abiti Sharif anati, "Ndiye anachira?"

"Kaya. Nditapitanso ndinapeza atatuluka."

"Aa! Ntchito yanji yosadziwa mathero ake?"

Funso limenelo lakhala nane tsiku lonse.

Loweruka, 9 Novembala

Shuga 230, wakweranso. Mwina ndi Dyna.

Wabwera ndi amuna ake, a Hopeson. Nsomba zowotcha, mapeyala, buledi wabulauni. Atakhala pabedi anayang'ana kabati yanga, n'kuyang'ana ya abiti Sharif yomwe sikutsekeka ndi zakudya.

"Amayi, chigonekereni wabwera ndani?"

"Anthu ali kumunda, akukonzekera mvula."

"A bedi ilo alibe minda?" Mwana ameneyu anatengera pakamwa pa bambo ake, malemu a Nickson. "Moyo wanu wonse mwathera pa anthu amenewa. Phazi ili mwawonongera iwo. Ali kuti lero? Mukatuluka muno tikupita ku Chilomoni, chipinda chilipo. Zaka zopumira ntchito zinakwana kale, mukungokakamira. A dokotala anena okha kuti zoyenda m'midzi zatha."

Ndinati sangabwere, akabwera adziulula. Ati, "Ndiye ntchito yake ndi yotani, yoti ukadwala uzigona wekha ngati wopanda mtundu?" A Hopeson anayesa kuziziritsa, ati amayi aganize kaye. Tagwirizana kuti ndiyankha tsiku lotuluka.

Atapita ndinatembenukira kukhoma. Chondipweteka n'choti mwanayo sakunama.

Lamulungu, 10 Novembala

Amayi a Mvano abwera atatuluka m'tchalitchi, ayimba nyimbo ziwiri, apemphera, asiya sopo ndi mazira. Mulungu awadalitse. Pakati pawo panali awiri amene ndimadziwa zomwe amuna awo sadziwa. Anaima kumbuyo kwenikweni, maso pansi. Ndinafuna kungowagwira dzanja. Ndinathokoza gulu lonse mofanana.

Mvula yoyamba yagwa madzulo. Fungo la dothi lalowa pawindo, odwala onse amene angathe kudzuka anadzuka kukaona. Ndinakumbuka a Nickson akuthamangira kukatchera migolo pansi pa malata, akukuwa kuti ndibweretse ndowa.

Lolemba, 11 Novembala

Ndazizidwa. 39.2. Chilonda chafiira m'mbali. Asintha mankhwala.

Lachiwiri, 12 Novembala

Apalanso. Kusanza. Karima wandigwirira beseni. Sindingathe kulemba.

Lachitatu, 13 Novembala

37.8. Shuga 204. Ndamwa phala.

Lero kwabwera mwana wamkulu wa abiti Sharif, amene anali ku Lilongwe kukagulitsa mpunga. Ndinayamba kumva mawu ake ali pakhonde, akukalipira wakabaza kuti wamugwedezera mazira. Analowa mayi wonenepa bwino, mpango wobiriwira, ndolo zonyezimira, kamtsikana kakugwira chitenje chake. "Amama! Mwatupa chonchi anthu akungokudyetsani mchere?"

Ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Ndimutchula Mwanahamisi.

Anabwera kwa ine zaka zapitazo, kamtsikana ako kali kakhanda. Anali wowonda ngati bango, osayankhula, osafuna kuyamwitsa. Zomwe anadzandiuza pambuyo pake ndipita nazo kumanda. Ndingonena kuti panali milungu ina imene ndinkati akatuluka pakhomo, ndinkapemphera kuti Lachinayi linalo ndidzamuonenso wamoyo. Anayamba kudya, anayamba kuseka pang'ono, kenako anangosiya kubwera. Ndinkamuyang'ana m'misika, pamaliro, m'minibasi. Kufunsa sindikanafunsa aliyense.

Ndiye uyu ali apa, akulamula wodi yonse.

Anapereka moni bedi ndi bedi, monga amachitira anthu. Atafika pa ine maso athu anakumana. Anandidziwa, ndinaona. Ndinadikira. Anatembenuka n'kuyamba kumasula mtolo wa amake.

"Awo usavutike nawo," atero abiti Sharif, "sapereka moni, koma ndi anthu abwino."

Lachinayi, 14 Novembala

Shuga 188. Thupi lazizira. Chilonda chayamba kumera mnofu wofiira, ati ndi chizindikiro chabwino.

Mwanahamisi amabwera m'mawa ndi masana. Waletsa mchere, wathamangitsa alendo okhalitsa, wakambirana ndi a dokotala ngati mnzawo. Kamtsikana kake kali sitandade 1, kanandiwerengera manambala mpaka twente kasanakokedwe n'kubwezedwa kwa agogo ake. Ine ndimangomvetsera ndili chogona, ngati munthu womvera wailesi ya oyandikana nawo nyumba.

Ndimadziwa kuti Mwanahamisi ali ndi ufulu wosandipatsa moni. Ndine ndemwe ndinamuuza tsiku loyamba kuti, "Tikakumana kunja, ine sindikudziwa mpaka iwe utandidziwa." Lamulo ndi langa. Koma iii, likuwawa. Sindikufuna mpunga wake kapena zikomo. Ndikungofuna anene kuti "Mwadzuka bwanji, sisita," ndiyankhe kuti "Ndadzuka, kaya iwe," iye ati "Ndili bwino." Mawu awiri okhawo, ochokera pakamwa pake, ndawadikira zaka zonsezi.

Karima sakudya. Kuwodi ya amayi oyembekezera kukalira khanda, amaima chilili ndi chomwe wanyamula. Abiti Sharif anandiuza okha, iye atapita kukachapa, kuti mwana wake woyamba anabadwa wakufa mwezi wa Ogasiti. "Tinamuuza asalire, wotere salirira, abereka wina. Ndiye wamvera, salira." Atabwerako ndinamufunsa mwakachetechete ngati amagona tulo. Ati, "Ndili bwino," n'kusuntha mphasa yake kupita mbali ina ya bedi. Akudziwa kuti ndine nesi wa chiyani.

Lachisanu, 15 Novembala

Shuga 176. Achotsa kanula, tsopano ndi mapiritsi.

A Kingsley abwera panjinga yamoto, thope mpaka m'mawondo, atanyamula nkhaka zitatu. Ati ndi chokhacho chomwe akudziwa kuti sichindipha. Anandiperekeza pakhonde ndi ndodo, tinakhala pabenchi. Pabenchi yathu ija, ati, anthu akufunsa kuti amayi aja abwera liti. Amafunsira kumbali, wina asamve.

Ndinawauza za Dyna. Sanadabwe. Anzathu amene tinayamba nawo, wina ali ku bungwe ku Lilongwe amayendera galimoto yoziziritsa, awiri ali kunja. Ndinati, "Nanga inu a Kingsley, chikukusungani n'chiyani? Musandiuze za maitanidwe, ndine wodwala."

Anaseka. "Ine sisita ndinalowa chifukwa maphunziro a zamaganizo okha ndi amene analibe mpikisano. Aliyense ankathawa. Ndinati ndikangopeza pepala ndidzasintha."

"Ndiye?"

"Ndiye chaka chilichonse ndimati chino n'chomaliza, kenako kumabwera wina amene ndikufuna ndione kaye ngati adzametenso ndevu. Akameta, kwabwera kale wina. Ndi ngati kupalira, mukafika kumapeto kwa mzere koyambirira kwamera."

Ndinati amenewo si mayankho, ndi ulesi wolemba kalata yosiya ntchito. Ati mwina. Ponyamuka anati, "Mukapita sindikudandaulani. Koma amayi ambiri aja kwa ine sayankhula, mukudziwa. Amangoti mutu, ndiwapatse panado."

Loweruka, 16 Novembala

Shuga 169. Ndayenda mpaka kumpopi ndi kubwerera.

Ndinakumana ndi Mwanahamisi pakhonde, awiriwiri, popanda wina aliyense. Ananyamula fulasiki. Ndinachedwetsa ndodo dala. Anayang'ana fulasiki yake n'kudutsa. Ndinamva fungo la mafuta ake odzola.

Ndinakhala pampopi nthawi yaitali. Mwina kundiona kumamubwezera m'chaka chimene akufuna kuiwala. Ndimawauza ophunzira unesi kuti zikatero ndiye kuti ntchito yagwirika, munthu sayenda ndi ndodo mwendo utapola. Kuphunzitsa n'kosavuta.

Lolemba, 18 Novembala

Shuga 158. Ati mawa nditha kutuluka. Kutsukitsa chilonda patsiku lachiwiri lililonse, nsapato zotseka, osayenda mtunda wautali, osapalasa njinga mpaka adzanene.

Dyna anaimba foni. Ndamuuza kuti abwere ndi galimoto, tikadutsire kunyumba nditenge zovala zokwanira. Anakuwa ndi chimwemwe, ati adzukulu akonza kale chipinda. Ndatopa, ndi zoona. Ndikufuna kukakhala kumene ndingapatse moni aliyense pamsewu, mokweza, mpaka anditope.

Abiti Sharif ati andisowa. "Mwandipirira phokoso. Mukafika ku Blantyre muphunzire kudya mango." Iwo atsala, madzi sanathe m'miyendo.

Lachiwiri, 19 Novembala

Ndikulemba ndili kunyumba kwanga, tisanapitirire ku Blantyre, phazi lili pampando.

M'mawa anatsuka chilonda, shuga 149, anandipatsa mankhwala. Dyna ndi a Hopeson anatenga zikwama kupita nazo kugalimoto, ine ndinakhala pabenchi ya kuseri, pafupi ndi zingwe zoyanikira, kudikira kuti abweretse galimoto pafupi. Kunalibe anthu, zovala zokha zikudontha.

Ndinaona Mwanahamisi akubwera, atagwira Karima padzanja ngati mwana wokana sukulu. Anafika pabenchi. Ine sanandiyang'ane. Anamukhazika mng'ono wakeyo pambali panga, n'kumukonza mpango, n'kumuuza ndi mawu otsika amene sindinawamvepo sabata yonseyi:

"Khala apa. Uwauze zonse, ndi za mwana zomwe. Ukafuna kulira, ulire. Usaope, amayi awa sapereka moni pamsewu."

Karima anati, "Mwadziwa bwanji, achemwali?"

Mwanahamisi anati, "Ndadutsana nawo kambirimbiri. Pa Songani, pa Naisi, pamaliro a che Zubair ndinakhala kumbuyo kwawo. Sanandiyalutsepo ndi tsiku limodzi."

Anabwerera kuwodi akukalipira kamtsikana kake kuti kasaponde m'matope.

Ndiye ankandiona. Nthawi yonse imene ndinkamusakasaka ndi maso, iye anali pomwepo, wamoyo, akundiona. Koma pambali panga panali munthu, ndiye ndinatembenukira kwa iye.

Ndinati, "Karima, mwana uja unamupatsa dzina?"

Anandiyang'ana ngati ndamumenya. Palibe anali atamufunsapo. Analitchula, kenako kulira kunabwera, kwa miyezi yonse ija. Ndinangokhala naye. Galimoto inafika, Dyna anatsika, anationa, anaima patali. Hutala sanaimbe, mwana wanga.

M'galimoto tinayenda mpaka pamphambano ya kumishoni. Ndipamene Dyna anati, "Zovala zokwanira zija, amayi, ndi za masiku angati?"

Ndinati za mpaka chilonda chipole, kenako ndibwerera kukachipinda kanga. Njinga ndaisiya, a Kingsley aziyenda okha kumidzi, ine ndizikhala pampando. Dyna anapukuta m'maso n'kunena kuti ndine wouma mutu kuposa bambo ake, ndipo akandigulira nsapato zotseka, ndikazikana tidzayambana.

Karima ndamuuza abwere Lachinayi loyamba la Disembala, alowere khomo la kuseri.